Mwana wa pa 20 Julaye

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anabadwa pa 20 Julaye, chaka chija mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno. Tsiku lomwelo mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, anafera ku Lilongwe. Apongozi anga anamanga zinthu ziwirizi mtolo umodzi n'kumusenzetsa mwana wanga asanayambe n'kukwawa komwe.

Ine kwathu n'ku Mayani. Ndinatengedwa ndili wamng'ono kupita kumudzi kwa amuna anga, m'munsi mwa Phiri la Dedza, kumene nkhungu imatha kukhala mpaka dzuwa litakwera. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi. Kwa anzathuwa si choncho. Makolo awo anachokera kumwera kalekale, ndipo iwo amapereka ng'ombe, mkazi n'kupita kwa mwamuna, ana n'kukhala a kuchimuna. Choncho ndinafika ngati mtengwa, wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe pamudzipo. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi. Pakamwa panga mpolemera chibadwire. Munthu wamkulu akandiyang'ana mawu amandithawa, ndimangoona zala zanga za kumapazi. Apongozi ankati kumeneko n'kudzimva.

"Mtengwa wathuyu amacheza ndi nthaka," ankauza alendo, ine nditagwada pomwepo.

Amene ankanditsegula pakamwa anali mlamu wanga uja. Anali asanakwatire, ankagona kugowelo. Akandiona ndikuchokera kuchitsime ankakuwa ali patali.

"Mkazi wanga! Achimwene akakuvutani mungosamukira kuno. Kugowelo kuno kuli utitiri basi, ndewu kulibe."

Mimba itakula ankailoza ndi chibwano. "Ameneyo afanane ndi ine, mwamva? Asatenge mphuno ya achimwene, angadzasowe banja."

Ndinkaseka nditabisa nkhope m'chitenje. Apongozi ankamukalipira kuti alibe ulemu, koma nawonso akuseka. Anali chitsiriza chawo.

Pamudzipo tinkalima mbatatesi kudimba. Ntchito inali yogawana. Amuna anga ndiwo ankakwera lole kupita ndi matumba ku Lilongwe, chifukwa ankadziwana ndi ogula, ndipo mlamu ankatsala kuthirira. Chaka chimenecho lole inkapezeka mwa apo ndi apo. Itapezeka ina yonyamuka m'mawa wa tsiku limenelo, matumba anawatutira kumsewu dzulo lake. Za zionetsero tinazimva pawailesi, koma tinkati n'za anthu a m'tauni ndi boma lawo. Mbatatesi yokumba kale sidikira.

M'mamawa msana unayamba kundipweteka, masiku anga asanakwane. Galimoto yoti inditenge panalibe. Panali njinga imodzi yokha, ndipo amuna awiri anaima pabwalo akuyang'anana, wina atavala kale jekete la ulendo. Amene anagamula ndi apongozi. Ndinali nditatsamira khoma, ndipo ndinamva ndi makutu angawa.

"Iwe, tenga mkazi wako upite naye kuchipatala. Matumba apite nawo mng'ono wakoyu. Kodi iye si mwamuna?"

Mlamu anasangalala ngati wapatsidwa mphatso. Achimwene ake anavula jekete n'kumupatsa, iye n'kulivala. "Mkazi wanga, mundidikire," anatero. "Musabereke ndisanabwere, ndikubweretserani buledi."

Amuna anga anandikweza panjinga, akukankha pokwera, akupalasa potsika. Apongozi ankabwera m'mbuyo atasenza beseni ndi zitenje. Mwana anabadwa masana. Woyamba kumunyamula, kupatula anamwino, anali apongoziwo. Analulutira mpaka anamwino anawaletsa. Anamufunditsa chitenje chawo chatsopano chifukwa kunja kunali mphepo yolowa m'mafupa, ndipo ankati mwanayo watenga zala za malemu amuna awo.

Uthenga unafika m'mawa mwake pafoni ya munthu wina wogulitsa nthochi pachipata. Mlamu anali atatsitsa matumba, chipwirikiti n'kumupeza pamsewu. Chipolopolo chinamulowa m'khosi. Amene anawombera sitikumudziwa mpaka lero. Pamene amuna anga ankalowa kudzanena, mwana anali m'manja mwa apongozi. Sanakuwe nthawi yomweyo. Anamuika mwanayo pabedi pang'onopang'ono, n'kuchotsa chitenje chawo chija, n'kuchipinda. Kuyambira pamenepo sanamunyamulenso.

Maliro sindinapite. Ndinali m'chikuta, mchombo wa mwana usanagwe, ndipo mwambo sulola kuti mayi wotere atuluke kukakhala pakati pa anthu. Nyimbo ndinkazimvera kukhoma. Ndinalira ndekha, mwana ali kubere, chifukwa amene anafayo anali mnzanga yekhayo pamudzipo. Koma maliro atatha apongozi ankauza aliyense kuti mtengwa sanagwetse msozi, anangokhala m'nyumba kufungatira chimene chinawadyera mwana.

Tsiku lotuluka m'chikuta, agogo ndiwo amayenera kulandira mwana pakhomo. Iwo anapita kudimba. Anamulandira ndi azakhali ake, mlongo wawo wa amuna anga, ndipo ndiwo anamutcha dzina. Dzinalo apongozi sanalitchulepo. Ankati "uja", kapena "kamwana kakoko". Mwana atadwala chibayo ali ndi miyezi yochepa, ine ndikuthamanga kufuna njinga, iwo ananena ali khale pamkeka, "Usathamange, safa ameneyo. Anamufera kale wina."

Chaka chitazungulira apongozi anandiitana kukhonde kwawo.

"Tsiku lija layandikira," anatero. "Ndisamuone pamudzi pano. Ndisamve ngakhale kutsokomola kwake."

Ndinayang'ana pansi n'kuvomera. Dzulo lake la tsikulo amuna anga anamanga kamtolo ka zovala pakaliyala, ine n'kukwera ndi mwana kumsana, ulendo wa ku Mayani. Chinakhala chizolowezi. Mwana atakula ankapita ndi bambo ake okha, ine n'kutsala kuphikira obwera kudzapepesa apongozi. Ndinkamuuza kuti limenelo ndi tsiku lake, ndipo tsiku la munthu amakadyera kwa agogo a ku Mayani kumene kuli nkhuku. Mayi anga ankamupheradi nkhuku. Mwanayo ankayamba kufunsa za ulendowo chimanga chikangouma m'munda, ndipo ankanyadira kwa anzake kuti iye yekha ndiye ali ndi tsiku la nkhuku.

Masiku ena onse ankakhala pamudzi ngati mwana wa mlendo. Apongozi akamadula nzimbe kugawira adzukulu, mpeni unkathera pa amene waima pafupi ndi iye. Ndinabereka wina, wamwamuna, ndipo ameneyo ankamubereka kumsana mpaka kutchalitchi, akumuimbira. Wamkaziyo ankawatsata m'mbuyo atanyamula nsapato za mlongo wake. Anandifunsapo kuti agogo amadana naye chifukwa chiyani. Ndinati ndi ukalamba.

Amuna anga anasiyiratu kupita ku Lilongwe. Mbatatesi ankagulitsa kwa ogula a pa Chimbiya, pamtengo uliwonse umene anena. Dzina la mng'ono wawo sankalitchula. Ndikadandaula za mwana, yankho linali limodzi: "Asiye amayi, mtima wawo unasweka." Nthawi zina ndinkawayang'ana akudya n'kumadana nawo kuposa mmene ndinkadanira ndi mayi awo. Apongozi ankaluma poyera. Awa ankangomanga mtolo pakaliyala n'kupalasa.

Zinasintha chaka chimene mwana ankakwanitsa zaka khumi. Tinali pabwalo tikutonola chimanga, ine, apongozi ndi azakhali ake aja, tafunda zitenje mpaka m'makutu. Mwana anabwera akuthamanga kuchokera kusukulu, chikwama chikumumenya kumsana.

"Amayi! Amayi! Tsiku langa anthu anaponda mwezi!"

Azakhali anasiya chitsononkho. "Mwezi uti, mwana iwe?"

"Womwewu wa kumwambawu. Aphunzitsi amafunsa aliyense tsiku lake lobadwa, n'kuyang'ana mufoni zimene zinachitika tsiku ngati limenelo. Ena sanawapezere kanthu. Ine anati pa 20 Julaye, kalekale inu musanabadwe, azungu anafika pamwezi n'kutsika n'kuyendapo. Kalasi yonse inandiombera m'manja."

"Anakwera pa chiyani, makwerero?" anatero azakhali akuseka. "Ndiye anakapezako chiyani, mbatatesi?"

"Fumbi lokhalokha."

"Ulendo wonsewo kukaona fumbi! Akanangobwera kuno mwezi wa Okutobala."

Inenso ndinaseka. Ndinaiwala kuti apongozi ali pomwepo. Iwo sanasiye kutonola, ndipo anayankhula osadzutsa mutu. Aka kanali koyamba kuti amufunse mwanayo funso.

"Aphunzitsi akowo anangokuuza za mwezi basi?"

Mwana anasangalala kuti agogo amuyankhula. Anasendera pafupi n'kugwada. "Ayi agogo. Anatinso chaka chimene ndinabadwa ine, tsiku lomwelo, kunali zionetsero, ndipo anthu anafa m'matauni."

"Sanakutchulire ndi mmodzi yemwe?"

"Ayi."

"Ndikutchulire ine. Bambo ako aang'ono. Amene ali pachithunzi m'nyumba mwangamo. Iwe unkalowa pakhomo, iye akutuluka. Ukanadikira masiku ako bwenzi ali pano akutonola nafe. Azungu akowo anaponda mwezi n'kubwerako. Wanga sanabwereko." Anaponya chitsononkho pamulu. "Funsa amako chimene umapitira ku Mayani. Ukuyesa n'chifukwa cha nkhuku?"

Mwana anatembenukira kwa ine. Azakhali anati, "Amayi, ndi mwanatu uyu," koma motsitsa mawu. Ine ndinayang'ana chimanga chimene chinali m'manja mwanga. Ndinapitiriza kutonola mpaka chala chinatuluka magazi.

Madzulo ake tinapita awiri kudimba kukathirira. Anatunga madzi, kuthira, kutunganso. Kenako anaika keni yothirira pansi.

"Amayi, ndine ndinapha bambo aang'ono?"

"Ayi mwanangu. Unali usanatsegule ndi maso omwe."

"Nanga bwanji simunawayankhe agogo?"

Ndinapitiriza kuthirira. Anatola keni yake n'kupita kumzere wa kutali.

Chaka chomwecho abale anagwirizana zomanga chiliza pamanda a mlamu, ndipo mwambo wake anauika pa tsiku lomwe lija. Ntchito inagwa pa ife amayi: kututa mchenga kumtsinje, kutungira madzi mmisiri, kufulula thobwa. Tsiku lina ndikuchokera kumtsinje apongozi anandiitana. Amuna anga anali pafupi, atagadabuza njinga, akumata chubu.

"Ulendo uno umumangire zovala zonse," anatero apongozi. "Ndi bulangete lomwe. Akakhale komweko kwa amako. Sukulu ziliko ku Mayani. Ndatopa kuona nkhope yake m'mawa uliwonse. Mwana wanga akagona pansi pa chiliza, nanenso ndipume."

Ndinayang'ana kwa amuna anga. Iwo anaviika chubu m'beseni n'kumayang'ana thovu.

M'nyumba ndinawafunsa. "Bambo ake, kodi mwamva zimene anena amayi?"

"Ndamva."

"Kwanu kuno mumati ana ndi a kuchimuna. Nanga uyu ndi wa kuti?"

"Akakhale kaye chaka chimodzi. Mitima ikazizira tidzakamutenga."

"Yakhala ikuzizira zaka khumi."

Anatuluka kupita kukhola.

Mwana sindinamuuze, koma anamva kwa ana anzake. Anasiya kudya bwino. Ndinamupeza tsiku lina akuchapa yekha zovala zake zonse, ndi zothina zomwe, n'kuziyanika pampanda. Anandifunsa ngati mlongo wake apita nawo. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ine ndizibwera kudzamuona. Ndinati ndizibwera. Anagwedeza mutu ngati munthu wamkulu amene wamva bodza koma sakufuna kukuchititsa manyazi. Za mwezi sanazitchulenso.

Dzulo lake la mwambo alendo anali atayamba kale kufika. Kunali mphepo ya mwera, yowulutsa mankhusu pabwalo. Amayi a pamudzi anakhala kuseri kwa nkhokwe akusenda mbatatesi ndi kusankha nyemba, apongozi ali pakati pawo pampando waung'ono, chikho cha thobwa m'manja. Amuna anga anatulutsa njinga. Mtolo wa ulendo uno unali waukulu, ndipo anaumanga ndi mphira mozungulira kawiri kuti usagwe. Mwana anayenera kukhala pamwamba pa mtolowo.

"Pita ukatsanzike agogo ako," anatero bambo ake.

Anapita n'kugwada patali pang'ono, manja pamodzi, monga ndinamuphunzitsira. "Agogo, ndapita."

Apongozi anamwa thobwa kaye. "Pita. Uzikaponda mwezi kwanuko."

Amayi ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. Mwana anadzuka, koma sanalire. Anayenda kupita kunjinga n'kugwira kaliyala kuti akwere. Miyendo yake inali yotuwa ndi mphepo, chifukwa mafuta odzola ndinali nditawamangira kale m'mtolo. Sindikudziwa chifukwa chake miyendo imeneyo ndiyo inandidzutsa. Ndinasiya mpeni m'beseni, ndinapita patsogolo pa apongozi, n'kugwada monga mtengwa amagwadira.

"Amayi, ndili ndi mawu."

"Eee, tamverani anthuni! Nthaka yayankhula lero."

Anasekanso ena. Mawu anga anatuluka aang'ono, moti amene anali kumapeto anasiya kusenda kuti amve.

"Amayi, tsiku lija amene amayenera kukwera lole ndi awa." Ndinaloza amuna anga. "Anali atavala kale jekete. Mwana uyu akanadikira masiku ake, chiliza cha mawachi chikanakhala cha awa. Kodi ndi zimene mukanakonda?"

"Tseka pakamwa, iwe."

"Ndatseka zaka khumi, amayi. Mwanayu sanatume munthu ku Lilongwe. Anali m'mimba. Ine sindinatume munthu, ndinali nditatsamira khoma lija. Amene munati matumba apite nawo mng'ono wakoyu, kodi iye si mwamuna, ndinu. Ndinamva. Ngati pakufunika wina wosenza, musamusenzetse mwana."

Panamveka nkhuku yokha ikutola nyemba m'lichero, popanda woiingitsa. Nkhope ya apongozi inasintha, ndipo ndinaona kuti mawu amenewo sanali achilendo kwa iwo. Anali akuwadziwa bwino kuposa ine. Chikho cha thobwa chinandipeza pachifuwa.

"Mfiti! Wabodza! Galu wa ku Mayani! Unabwera wopanda ndi supuni yomwe, lero ukundiimba mlandu wa mwana wanga pamaso pa alendo? Nyamuka! Utengane ndi kamwana kakoko, nonse mutuluke pamudzi panga!"

Thobwa linkatsikira m'chitenje, lozizira. Sindinadzuke. Azakhali anagwira apongozi mkono, iwo n'kuwakankha.

"Iwe!" apongozi anakuwira amuna anga. "Ukungoima ngati chitsa mkazi wako akunditukwana? Muuze kuti akunama!"

Amuna anga anali atagwira njinga. Anayang'ana mayi awo, n'kuyang'ana mwana amene anali atakweza kale mwendo umodzi. Ndinayesa kuti anena zija za mtima wosweka.

"Ndinalipo, amayi," anatero. "Munatero. Ndipo jekete ndinamupatsa ndine."

Anatsamiritsa njinga kukhoma. Anamasula mphira pang'onopang'ono, n'kuikulunga, n'kuiika m'thumba. Ananyamula mtolo paphewa.

"Tiye m'nyumba," anauza mwana. "Kadzole mafuta, watuwa."

Apongozi analira tsiku limenelo kuposa mmene analirira pamaliro. Ankagubuduka pansi akuitana chitsiriza chawo, amayi atawazungulira. Alendo ena anandiyang'ana ngati ndalavulira m'mphika. Mayi wina wachikulire anandiuza ndikudutsa kuti kwawo mtengwa wotere amamubweza tsiku lomwelo, ng'ombe n'kubwerera. Ndinakasintha chitenje n'kubwerera pabeseni langa la mbatatesi. Palibe anakhala nane pafupi.

M'mawa mwake anthu anapita kumanda kukaona chiliza. Ana sapita kumanda, choncho mwana anatsala pamudzi, koyamba chibadwire kukhala kwawo pa tsiku lake. Anatungira alendo madzi osamba m'manja. Apongozi pobwera kumanda anamupeza ataima ndi jagi pakhomo la nkhokwe. Anamulambalala, n'kulowa m'nyumba mwawo, n'kutseka chitseko.

Kuyambira pamenepo apongozi sanandilonjerepo. Chakudya chochokera m'manja mwanga sadya. Ndikawatumizira ndiwo amabweza mbale ili yodzaza, ndipo akadwala amawaphikira ndi azakhali. Anauza amuna anga kuti amange mpanda wa udzu pakati pa nyumba yawo ndi yathu, ndipo anamanga. Mwana wamwamuna uja amalowa ndi kutuluka mmenemo mmene afunira. Wamkazi sanaitanidwepo. Amayi a kutchalitchi anabwera kawiri kudzandiuza kuti ndikapepese, chifukwa mawu aja anali olasa ndipo ndinawanena pagulu. Ndinawayankha kuti za pagulu ndikhoza kupepesa, koma mawuwo sindingawabweze, chifukwa ndikawabweza abwerera pamutu pa mwana. Anati ndine wouma mtima. Mwina n'zoona. Ndikudziwa kuti anataya mwana. Nanenso ndine mayi, ndipo wanga anatsala pang'ono kuchoka ndikuona.

Amuna anga sitinakambiranepo za tsiku limenelo. Koma chaka chotsatira anakwera lole kupita ku Lilongwe ndi matumba, ndipo pobwera anabweretsa buledi.

Lamulo la apongozi silinathe. Amafunabe kuti pa 20 Julaye asamuone mwanayo. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amene amabisala ndi iwo. Tsikulo likafika sadzuka kukawothera dzuwa. Chitseko chawo chimakhala chotseka, utsi wokha ukutuluka padenga. Mayi anga amatumiza nkhuku kuchokera ku Mayani, ndipo timaiphera pano. Mtsikanayo, amene tsopano wandipitirira msinkhu, amaitana anzake, n'kumasewera mpira wa manja pabwalo mpaka fumbi kukwera. Amakuwa, amaseka, amakangana za zigoli, ndipo mpanda wa udzu sutchinga mawu.

Chaka chatha mpira unadumpha mpandawo n'kukagunda chitseko cha agogo ake. Anzake onse anaima. Iye anandiyang'ana.

"Katenge," ndinamuuza.

Anazungulira mpanda, anatola mpira pakhonde, n'kubwerera akuudunda pansi. Chitseko sichinatsegulidwe, ndipo ine sindinapite kukagogoda.